Mmene Anandigonekera m'Boti la mu Kompyuta

Lembani, amake Chikondi, lembani momwe ndikulankhuliramu, musakonze kanthu. Ana anga ndi ana awo adzamve pakamwa panga penipeni, osati Chichewa chanu cha kusukulu. Ntchito ndinasiya, chifuwa chinatopa ndi fumbi, koma pakamwa sipanapume. Za ubwana wanga ku Ntcheu tisiye, kunali mbuzi ndi mphere basi. Tiyambire pa ntchito.

Chaka chimene ndinali ndi pakati pa Ganizani

Tinabwera kuno kumpoto pa lole, ine ndi malemu bambo anu, kudzalowa ku esiteti ya labala. Iwo ankacheka mitengo, ine ndinkatola mkaka wake m'tizikapu n'kumathira m'ndowa. Kapitawo wathu anali wa ku Thyolo, wamfupi ngati chitsa koma mawu a ng'ombe yamphongo. "Nangozo! Mkaka umenewo ndi wa kampani, usatayike!" Ine: "Bwana, ndowa yabooka." Iye: "Tseka ndi chala!" Ine: "Nanga ndinyamule ndi chiyani?" Iye: "Mulungu anakupatsa zala zingati?" Ndi mmene tinkagwirira. Majombo akasowa, peyala imodzi tinkabwerekana ndi mnzanga wa khomo loyandikana, iye lero, ine mawa, ndipo tsiku lopanda jombo ndi limene njoka zinkatuluka kudzawothera dzuwa. Atonga a kuno dzina langa analikhotetsa tsiku lomwelo, Nangozo n'kukhala Nyangozo, mpaka lero. Ndinakhalako mpaka ana onse anakula ndipo msana unayamba kulira ngati chitseko.

Chaka chimene bambo anu anatisiya

Nyumba ya ku esiteti ndi ya wogwira ntchito, si ya wamasiye wodwala msana. Ndinatsikira ku Kande, ndipo amene anandilemba ndi ada Longwe, Mtonga amene anakhalitsa ku Joni n'kubwerako ndi luso lopanga maboti a faiba. Shedi yawo inali pafupi ndi madzi. Anandiyang'ana mikonoyi n'kunena kuti, "A Nyangozo, imwe mungavundule guluu. Kuyabwa mumakuopa?" Ine: "Ndakhala m'banja zaka zonsezi, ada, kuyabwa n'chiyani?" Anaseka mpaka kutsokomola, ntchito n'kuipeza.

Boti la faiba, ana inu, limabadwa ngati njerwa. Pamakhala chikombole chachikulu, mumayalamo nsalu yoyera yoyabwa ija, n'kupaka guluu, kuyalanso, kupakanso, likauma mwatulutsa boti. Ine ndinali wovundula guluu ndi wokwecha ndi sandipepa. Chikombole chikapotoka, ana ake onse opotoka, ndipo guluu akauma sabwerera m'mbuyo. Vuto linali guluuyo. Ankachokera kutali, kudzera ku Mzuzu, ndipo nthawi zina miyezi inkatha tikungosesa shedi, ada Longwe akuyang'ana kumsewu ngati mkazi wodikira mwamuna wa ku Joni.

Chaka chimene Chikondi anayamba sukulu

Apa ndiye pali nkhani yanga. Khalani bwino.

Anthu ena a mpingo anasonkherana kuti papangidwe boti lonyamula odwala, makamaka amayi apakati, kuchokera ku Ruarwe kupita kuchipatala cha ku boma. Ku Ruarwe kumbuyo ndi phiri, kutsogolo ndi nyanja, galimoto sifikako. Mayi mimba ikamuvuta ankamugoneka pansi pa boti la asodzi, pa maukonde, mutu pansi pa benchi ili, miyendo pansi pa benchi ilo. Ine ndinaonapo mmodzi akumutulutsa ku boma, ndikupita kukagula sandipepa. Anamukoka ngati thumba, mamba a usipa ali mbuu m'tsitsi, sakuliranso. Sindinamve kuti zinatha bwanji. Ndiye boti latsopanoli linafunika bedi lenileni, denga, ndi pokhala womusamalira. Guluu anabwera mgolo umodzi wokha. Ada Longwe anaumenya ndi chikhatho: "Mwauona? Ulibe mng'ono wake. Tikalakwitsa, ku Ruarwe kulibe boti."

Anthu aja anatumiza injiniya. Ife tinkayembekeza bambo wa chimimba ndi chipewa cholimba. Kutsika minibasi, kamtsikana ka ku Zomba, dzina lake Thoko, kowonda ngati bango, chikwama kumsana. Ada Longwe anandinong'oneza, "Injiniyayo ali m'chikwamamo?" Anali momwemo ndithu, theka lake: laputopu.

Ine chinthu chachilendo sindingachidutse. Tsiku loyamba lomwe ndinasiya sandipepa n'kukaima kumbuyo kwake. Abale! Pagalasi paja pali boti lotuwa, lili lende m'malere, pansi palibe madzi, palibe mchenga. Injini ili uko pamwamba payokha ngati khwangwala. Bedi lalowa m'nthiti mwa boti, theka mkati, theka kunja, koma boti silinabooke.

Ine: "Mwana wanga, injiniyo sigwa?"

Iye: "Muno mulibe kugwa, agogo. Chinthu chimakhala pomwe mwachisiya."

Ine: "Nanga bedi ladutsa bwanji khoma?"

Iye: "Sizidziwana. Chilichonse muno ndi thupi palokha. Boti ndi thupi, injini ndi thupi, thanki ya petulo ndi thupi, bedi ndi thupi. Zili m'nyumba imodzi koma palibe chimene chikudziwa kuti mnzake ali pati. Ntchito yanga ndi kuuza chilichonse pokhala."

Ine: "Ha! Ngati mitala."

Anaseka, n'kundikokera chitini kuti ndikhale. Anandionetsa timizere titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, tokumana pamalo amodzi ngati mphambano. Akuti kuyeza konse kumayambira pamenepo. Poyamba amakhomera chinthu chimodzi kuti chisasunthenso, ndipo iye anakhomera botilo, msana wake pa mzere wofiira. Zina zonse zimabwera kudzafunsa malo kwa boti. Anagwira kachipangizo kodinira kamene amati kambewa, kudina kunsi kwa miyendo ya bedi, kudinanso pansi pa boti, ndiye bedi lija phaa! lakhala pansi bwinobwino. Kudina m'mbali mwa bedi, kudina khoma, kulemba nambala, bedi seee, lasendera n'kusiya mpata wodutsa munthu. Ine m'manja wawawa. "Bwerezanso!" Anabwereza. Anyamata opala matabwa ankati agogo apeza wailesi ya kanema.

Kenako anatulutsa kamunthu koti kagone pabedipo. Akuti anakatenga pa intaneti. Kotuwa, kowongoka ngati munsi, kopanda matako, kopanda mimba. Ada Longwe anavala magalasi, kuyang'ana, kuvula. "Ameneyu anadya liti?" Thoko anati, "Ndi chifukwa chake ndikufuna mayi weniweni wa kuno, wamkulu thupi. Ndimuyeze atagona, mawondo m'mwamba, zigongono kunja, mmene mayi amagonera zikamupweteka. Akakwana wamkuluyo, onse akwana."

Anatenga tepi yake kupita kwa amayi amene ankavuula chinangwa kuseri kwa shedi. Ine pambuyo. Atangonena kuti "mugone pansi ndikuyezeni," amayi aja balalabalala, wina mpaka kusiya beseni. Anatsala Nyamanda yekha, mnzanga wa kutchalitchi, manja m'chiuno. "Mwana iwe, kwanu kulibe maliro? Munthu woyezedwa atagona ndi amene wapita. Adzukulu amadula bango, amamuyeza, amakakumba." Thoko anati, "Ama, kwathunso zimenezo zilipo, ndikuzidziwa. Koma ili si bango, ndi tepi ya telala." Nyamanda: "Telala amayeza munthu ataimirira!" Thoko anapinda tepi yake. Anayesa kwa anamwino, anati alibe nthawi. Anayesa anyamata a m'shedi kuti wina amange pilo pamimba, onse anakumbukira kuti ali ndi ntchito panja. Iye mwini anagona pabenchi kuti adziyeze, ada Longwe anati, "Imwe ndi kamunthu kanu kaja ndinu mapasa."

Masiku akupita, ndipo guluu m'nyengo yotentha sadikira munthu, amayamba kulimba mumgolo momwemo. Ada Longwe anati, "Sabata yamawa ndiyamba chikombole. Kaya ndi kamunthu ka njala kaja, kaya ndi ndani." Ndiye onse ankayesetsa kusandiyang'ana. Mukundidziwa thupi langa. Pa Kande ponse panalibe wondiposa, minibasi inkandiwerengera malo awiri.

Musaganize kuti sindinkaopa. Bambo anu ndinawaona ndi maso angawa akuyezedwa ndi bango. Ndikakwecha boti ndinkangoona bango lija. Koma ndikatseka maso ndinkaonanso mamba a usipa m'tsitsi la mayi uja. Ndipo pali china, lembani ndithu: mtima unkandiyabwa kufuna kudziona m'menemo. Injini yalowa, thanki yalowa, nanga Nangozo angaoneke bwanji ali lende m'malere?

Ndinapita kwa Thoko dzuwa lili pamutu. "Tenga tepi yako. Koma zitseko zonse zitsekulidwe, ndipo usandiuze kuti ndikhale chete." Tinamanga thumba la ufa wa kondowole pamimba ndi chitenje. Ndinakwera pathebulo lodulira nsalu, thebulo n'kulira kwee. Ndiye ndinayamba! "Mayo ineee! Ndafa ine! Bambo a Ganizani, mwandichita zotani! Musadzandiyandikirenso!" Mawondo m'mwamba, zigongono uku ndi uku, kugubuduka. Ndinkafuna imfa ikamadutsa pamsewu imve kuti muno muli wamoyo, wamoyo kwambiri. Thoko tepi ikumugwa m'manja ndi kuseka. "Agogo, gwirani pomwepo, musasunthe bondo!" Ine: "Mwana akubwera, iwe ukuti bondo!" Ada Longwe anathawira kunyanja. Amayi a chinangwa anadzaza pakhomo, ena akuseka, Nyamanda atagwira tsaya ngati ali kale pasiwa.

M'mawa mwake ndinafika ndisanamwe ndi tiyi yemwe. "Ndionetse." Anatsekula. Ambuye! Ndine uyo. Wotuwa, wopanda maso, wopanda pakamwa, mutu ngati dzungu, koma matako ndi anga, sindingawakane. Ndipo ndaima chilili pamphambano ya timizere tija, kutsogolo kwa boti, miyendo yatulukira kunsi, mimba yaboola khoma.

Ine: "Wandimiza!"

Iye: "Aliyense wolowa kumene amafikira pamenepo, agogo. Simunauzidwe pokhala."

Ine: "Ndiye ndiuze msanga, ng'ona zingandidye miyendo."

Anandidina. Panatuluka timikombero, anakoka kamodzi, ine pendaa, ndagona chagada m'malere. Anadina msana wanga, anadina pamwamba pa matiresi, phaa! ndili pabedi. Msana wanga weniweniwu unachita tsemwe. Kenako anagwirizanitsa pakati panga ndi pakati pa bedi kuti ndisagonere m'mphepete. Ndinayang'anitsitsa n'kuona kuti mapazi aloza kutsogolo kwa boti. "Iyayi! Wotsogoza mapazi ndi wa m'bokosi. Nditembenuze." Anati, "Ndimafuna kukutembenuzani kale, mutu sungakhale kufupi ndi utsi wa injini." Anandizunguza ngati mphero, mutu kutsogolo.

Ndiye anadina pena pake kuti kompyuta ifufuze ngati pali matupi olowana. Bondo langa lamanzere psuu, lafiira! Ine kugwira bondo langa lenileni. "Magazi?" Iye: "Ayi, lalowa m'thanki ya petulo. Kamunthu kaja kankadutsa bwinobwino, inu simukudutsa." Ada Longwe anabwera kudzasuzumira, anangoti, "Yewu, a Nyangozo," kuthokoza kwa Chitonga kuja, n'kuvula chipewa. Bokosi la thankilo likanaumbidwa pamenepo ndi guluu wathu mmodzi yemwe uja.

Kusuntha thanki sikunali kwa tsiku limodzi. Akaipititsa kumbuyo, ikulowana ndi mpando wa woyendetsa. Akaikweza, ikutchinga podutsa machira. Panalinso kadontho kena kamene Thoko ankati ndi pamene kulemera konse kwa boti kwasonkhana. Kadontho kameneko kayenera kukhala pa msana wa boti. Ine nditangogona pabedi, kanathawira kumbali yanga. Ada Longwe: "Mwaona, ngakhale mu kompyuta mukupendeketsa boti." Ine: "Mwandinenepetsa ndinu ndi malipiro anu aja?" Iwo ndi Thoko anakangana masiku angapo, uyu akuti mafunde a mwera amamenya chakuno, uyu akuti nambala zikuti chakuti, mpaka anagwirizana kuika thanki tsidya lina, moyang'anana ndi chiuno changa. Kadontho kaja kanabwerera pamzere, kofiira konse kanazima. Tinayamba chikombole.

Mvula itayamba, chaka chomwecho

Ndiye malungo anandigwira. Malungo wamba, a udzudzu, amene ndadwalapo kambirimbiri. Koma pa Kande inamveka nkhani ina. "Tinanena ife. Anamuyeza, anamulowetsa m'makina, tsopano akumukoka." Ndili gone m'nyumba, ndikumva anthu akukhala pakhonde mwakachetechete, kulankhula kotsitsa kuja. Nyamanda analowa ndi nkhuni kumutu, kuzitula, kundiyang'ana. "Nyangozo, ukundizindikira?" Ine: "Ndikukuzindikira, ndiwe uja sunabweze sefa yanga." Anatuluka n'kukauza anzake kuti ndikubwebweta.

Thoko anabwera madzulo ake, maso ofiira, laputopu m'manja. Anthu anali atamunyoza pamsika, ena akuti ndi wa Satana. Anagwada pafupi ndi mphasa. "Agogo, ndikufufuteni. Ndichite pamaso pa onsewa, aone kuti mwatulukamo." Ndinaganiza. Mantha analipo, thupi likunjenjemera, mutu ukuwaza nkhuni. Ndinamufunsa, "Ukandifufuta ndimapita kuti?" Anati, "Palibe. Pamangotsala bedi." Ine: "Denga waika?" Iye: "Ayi, sindinaliyeze kutalika." Ine: "Nanga udzadziwa bwanji kuti mayi akadzuka kuti asanze sagunda mutu? Ndisiye momwemo. Ukamaliza denga undidzutse, undikhazike tsonga, uone." Ndinamwa mankhwala a kuchipatala, sabata isanathe ndinali kuvundula guluu. Nkhuni za Nyamanda ndinaphikira nyemba.

Mwezi umene mvula inaleka

Boti linatuluka m'chikombole loyera mbee, bedi pamalo pake, thanki pamalo pake, mumgolo mutatsala guluu wongokwana kumata chidebe. Koma mbiri inali itatitsogolera. Asodzi anaifikitsa mpaka ku Usisya ndi ku Ruarwe, kuti bedi la m'boti latsopano analiyezera pa mtembo. Ada Longwe anakhala pamchenga, mutu m'manja. "Tapanga boti loti palibe adzagonemo."

Ine zaka zonsezi ndili m'mbali mwa nyanja, ndikupanga maboti, ndinali ndisanakwerepo ngakhale limodzi. Ndine wa ku Ntcheu ine, madzi timawadziwa a m'chitsime. Koma tsiku lokapereka boti ndinavala chitenje changa chatsopano, ndinakwera, ndinagona pabedi paja. Bondo lamanzere ndinalitambasula dala. Silinagunde kanthu. Tinanyamuka m'mawa, ada Longwe pa injini, Thoko kutsogolo. Ndinaimba nyimbo zonse za m'buku mpaka kudutsa ku boma, kenako nyanja inayamba kundivundula m'mimba. Ndinadzuka kuti ndisanze, mutu sunagunde denga, ndinauza Thoko kuti walemba bwino, n'kusanzanso. Pofika ku Ruarwe ndinali nditatheratu, ndafunda chitenje kumutu, ndili zii.

Anthu a kumeneko anaona boti loyera likubwera, mkati muli munthu wamkulu wofundidwa mpaka kumutu. Ndinangomva mayi wina wayamba, "Mayo! Mayo wee!" Anzake n'kulandira. Gombe lonse maliro! Ine chitenje kataye uko, tsonga. "Mukulira ndani? Ine ndikufuna tiyi!" Ana anathawira kuphiri, bambo wina anagwera m'madzi ndi njinga ya mwini wake. Kenako kuseka, kuseka koti anthu kugwirana mapewa. Ndinatsika, ndinawauza kuti woyezedwa uja ndine, andigwire aone ngati ndazizira. Agogo ena anabweradi kudzanditsina pamkono.

Panali mtsikana wina, Nyachirwa, mimba yoyamba, yaikulu. Anamwino a kumeneko anali atamuuza kuti mwana wagona chopingasa, apite ku boma akadikirire komweko, koma apongozi ake ankakaniza boti lathu. Anayandikira pang'onopang'ono, kugwira matiresi, kundiyang'ana. "Ama, mwagonapo ulendo wonse?" Ine: "Wonse, mwana wanga. Ndasanzirapo kokha, koma tapukuta." Anayang'ana apongozi ake. Apongozi anayang'ana ine, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Ngati pakwana awa, kwera." Anakwera, anagona, anakweza mawondo. Malo anatsalako oti n'kuikapo mwana.

Pobwerera bedi linali ndi mwini wake, ndiye ine ndinati ndikhale pa kampando ka womusamalira, pambali pa mutu wake, ndizimugwira dzanja. Ndinatsitsa thupi. Gwa! Theka lalowa, theka lakana. Kukankha, ayi. Kudzuka, ayinso, ndakanirira pakati pa bedi ndi khoma ngati chivindikiro. Nyachirwa akuseka mpaka kugwira mimba, ada Longwe akuti tisamuseketse angachirire pompano. Kampando kaja Thoko anali atayezera pa thupi lake lomwe, ndipo tonse m'shedi muja, ndi ine ndemwe, maso anali pabedi. Koma amene amaperekeza mayi wapakati ndi ndani? Si ife anakubala a matako athuwa?

Thoko anayang'ana ine, anayang'ana kampando, anagwira pakamwa. Kenako anapisa dzanja m'chikwama.

Ine: "Tulutsa, tulutsa tepi yakoyo. Ulendo uno ndakhala tsonga, palibe wondilira."